Kusintha kwa Zigawo za Retina Munthu Akamakalamba

Retina ndi chiwalo chopyapyala chimene chinayala mkati mwa diso chakumbuyo. Ntchito yake ndi kulandira kuwala n'kukusandutsa uthenga wopita ku ubongo. M'malo ambiri kukhuthala kwake sikufika theka la milimita, komabe ili ndi zigawo khumi zosanjikizana. Munthu akamakalamba zigawozi sizisintha mofanana: zina zimapyapyala, zina zimakhuthala, ndipo zina sizisintha kwenikweni. Kale kusinthaku kunkaoneka pokhapokha poyeza maso a anthu omwalira pa maikulosikopu. Masiku ano madokotala amakuona m'diso la munthu wamoyo pogwiritsa ntchito njira yojambulira yotchedwa optical coherence tomography, mwachidule OCT.

Mmene OCT imajambulira

Njirayi inalengezedwa mu 1991 m'magazini ya Science ndi gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi James Fujimoto wa ku MIT ku America. M'gululo munali David Huang ndi Eric Swanson, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Lasker mu 2023 chifukwa cha ntchitoyi. Makina a OCT amalowetsa kuwala kofooka m'diso, n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera kuchokera pa chigawo chilichonse. Zotsatira zake ndi chithunzi chosonyeza retina ngati yadulidwa chopingasa, zigawo zili m'mizere yowala ndi yakuda. Wodwala samva ululu ndipo makinawo sakhudza diso.

Kukhuthala kwa zigawo kumayezedwa m'mamaikulomita. Milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000. Makina akale ankasiyanitsa zinthu zotalikirana mamaikulomita pafupifupi 10. Makina a mtundu wa spectral-domain, omwe anafala kuyambira cha m'ma 2006, amasiyanitsa mamaikulomita 5 mpaka 7, pomwe ena atsopano amafika pa 3. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa zigawo zina zimangokhuthala mamaikulomita ochepa chabe.

Dongosolo la zigawo

Kuchokera mkati mwa diso kupita kunja, chigawo choyamba chachikulu ndi cha ulusi wa mitsempha yonyamula uthenga. Ulusiwu, womwe ulipo pafupifupi 1 miliyoni m'diso lililonse, umasonkhana n'kupanga mtsempha waukulu wopita ku ubongo. Pansi pake pali maselo a ganglion, omwe ndi eni ake a ulusiwo. Pakati pali zigawo za maselo olumikiza uthenga. Chakunja kuli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri: ma rod, omwe amathandiza kuona kukachita mdima, ndi ma cone, omwe amaona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono masana. Kuseri kwa maselowa kuli mzere umodzi wa maselo akuda otchedwa RPE, kenako kachikopa ka Bruch, ndipo pomaliza choroid, yomwe ndi yodzaza mitsempha ya magazi.

Zigawo zimene zimapyapyala

Chigawo cha ulusi wa mitsempha ndicho chayezedwa kwambiri. Kuzungulira pamene mtsempha waukulu umatulukira, chigawochi chimakhuthala mamaikulomita pafupifupi 100 mwa munthu wamkulu wamaso abwino, ndipo chimachepa ndi mamaikulomita pafupifupi 2 pa zaka khumi zilizonse. Chigawo cha maselo a ganglion nachonso chimapyapyala pang'onopang'ono. Chifukwa chachikulu n'chakuti maselowa akafa salowedwa m'malo ndi ena.

Ma rod amafa msanga kuposa ma cone. Christine Curcio ndi anzake, poyeza maso a anthu omwalira, analemba mu 1993 kuti ma rod a chigawo chapakati cha retina amachepa ndi pafupifupi 30 peresenti pakati pa zaka 34 ndi 90, pomwe chiwerengero cha ma cone sichisintha kwambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene achikulire amavutikira kuona madzulo, ndiponso maso awo amachedwa kuzolowera akachoka padzuwa kulowa m'nyumba yamdima.

Choroid imachepa mofulumira kuposa zigawo za retina yeniyeniyo. Mu 2009 Ron Margolis ndi Richard Spaide anapeza kuti pansi pa malo apakati oonera bwino, choroid imakhuthala mamaikulomita 287 mwa anthu omwe anawayeza tikatenga avereji, ndipo imachepa ndi mamaikulomita pafupifupi 16 pa zaka khumi zilizonse. Ma rod ndi ma cone amadalira magazi a m'choroid kuti apeze mpweya ndi chakudya.

Zigawo zimene zimakhuthala

Tsiku lililonse maselo olandira kuwala amataya nsonga zawo zakale n'kumera zina, ndipo maselo a RPE ndiwo amameza zotayidwazo. Zina sizigayika zonse, choncho zimaunjikana m'maselomo monga zinyalala zotchedwa lipofuscin. Kachikopa ka Bruch nako kamadzaza mafuta ndi zotsalira zina: mwa mwana kamakhuthala mamaikulomita pafupifupi 2, koma mwa nkhalamba kamapitirira 4. Kakakhuthala chonchi, chakudya chochokera ku choroid chimadutsa movutikira, ndipo zinyalala sizichoka bwino.

Zotsalira zikaunjikana pamalo amodzi pakati pa RPE ndi kachikopa ka Bruch zimapanga timibulu totchedwa drusen, tomwe pa OCT timaoneka titakweza mzere wa RPE. Timibulu tochepa ting'onoting'ono timapezeka mwa achikulire ambiri amaso abwino. Tikachuluka ndi kukula, timasonyeza chiyambi cha matenda a ukalamba owononga macula, malo apakati pa retina amene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope.

Kusiyanitsa ukalamba ndi matenda

Phindu lalikulu la miyeso imeneyi ndi kuthandiza dokotala kudziwa ngati kusintha kumene akuona n'kwa msinkhu chabe kapena kwa matenda. Nthenda ya maso yotchedwa glaucoma imawononga zigawo zomwezo zimene ukalamba umapyapyalitsa, ulusi wa mitsempha ndi maselo a ganglion, koma imatero mofulumira ndiponso nthawi zambiri imayambira kumtunda ndi kumunsi kwa mtsempha waukulu. N'chifukwa chake makina a OCT amayerekeza miyeso ya wodwala ndi ya anthu amaso abwino a msinkhu wake, n'kusonyeza ndi mtundu wobiriwira, wachikasu kapena wofiira ngati muyeso uli m'malire oyenera.

Pali zinthu zina zimene zimasokoneza miyeso. Ng'ala imachepetsa kuwala kofika pa retina, ndipo chigawo cha ulusi chingaoneke chopyapyala kuposa mmene chilili. Anthu osaona patali, omwe maso awo ndi otalika chakumbuyo, kawirikawiri amakhala ndi choroid ndi ulusi wopyapyala ngakhale asakudwala. Makina a makampani osiyana amalemba malire a zigawo mosiyana, choncho miyeso yawo siingaphatikizidwe. Pa zifukwa zimenezi madokotala amadalira kwambiri kujambula diso lomwelo pa makina omwewo kwa zaka zingapo, n'kuona liwiro limene chigawo chikuchepera. Liwiro likaposa la ukalamba wamba, chithandizo chingayambe munthu asanazindikire n'komwe kuti kuona kwake kwayamba kuchepa.