Buku la Bach ndi Ophunzira Ace

M'caka ca 1722 Johann Sebastian Bach, pokhala woyang'anira zoyimba kwa mfumu ya ku Köthen m'dziko la Germany, anasonkhanitsa nyimbo za limba m'buku lochedwa Das Wohltemperierte Klavier. Analikonzera makamaka acinyamata ofuna kuphunzira, pakuti iye mwini anali mphunzitsi. Zitapita zaka ngati 20, ali ku Leipzig, analemba laciwiri. M'buku liri lonse nyimbo ziyenda ziwiriziwiri, prelude ndi fugue, kasanu ndi kawiri pa doh ndi pa lah sikukwana ai: zifika pa makiyi onse 24.

Prelude ndiyo yolambula njira. Cobvuta ceniceni ndi fugue. Liu limodzi liyamba lokha ndi kanyimbo kakafupi. Liri cipitire, laciwiri lilowa ndi kanyimbo komweko, pambuyo pace lacitatu, lacinai, mwina ndi lacisanu lomwe. Mphunzitsi wa ku Tamanda amene anayesapo kugawa ana m'magulu anai, kuti a besi asatengeke ndi a soprano, adziwa thukuta lace. Koma iye ali ndi pakamwa pambiri pomthandiza. Woyimba fugue ali nazo zala khumi basi, ndipo pa piyano cala cina ciyenera kukweza liu lace pamene cinzace ca dzanja lomwelo cicepetsa.

Bach anamwalira mu 1750 mabukuwo asanasindikizidwe, ndipo anafika kwa osindikiza mu 1801. Zaka zonsezo anayenda pamanja. Ophunzira anali kukopera ndi inki, nakaphunzitsa nawo ana ena. Motero anafika ku Bonn, kumene Christian Gottlob Neefe anapatsa nyimbozo mnyamata wace Ludwig van Beethoven. Pofika 1783 mbiri ya mwanayo inamveka cifukwa ca izo. Woyamba kuziika zonse m'mbale za galamafoni anali Edwin Fischer, ndipo nchitoyo inamtengera kuyambira 1933 kufikira 1936.

Ku Africa kuno dzina la Bach limveka pamodzi ndi la Albert Schweitzer. Popita ku Lambaréné m'dziko la Gabon mu 1913, anatenga piyano yocingidwa ndi citsulo kuopa cinyontho ndi ciswe, mphatso ya okonda Bach a ku Paris. Inafika pa bwato, ndipo dokotalayo akapuma kucipatala anali kuphunzira nyimbo za Bach imodziimodzi kufikira atazisunga pamtima.