Mwendo Wotupa ndi Imfa Yadzidzidzi: Mbiri ya Kuundana kwa Magazi

Magazi akaundana pabala amatipulumutsa, koma akaundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo amatha kupha munthu amene amayankhula bwinobwino. Nkhani yakale ya matendawa ndi ya mu 1271, ya mnyamata wina wa ku Normandy dzina lake Raoul, amene mwendo wake wakumanja unatupa kuyambira kukatumba mpaka kuntchafu. M'zaka za m'ma 1700 madokotala a ku Ulaya ankakhulupirirabe kuti mwendo wa mayi wongobereka kumene umatupa chifukwa mkaka watsikira kumiyendo. Rudolf Virchow wa ku Germany ndiye anadzaonetsa, pofika 1856, kuti chidutswa cha magazi oundana chimathothoka kumwendo, n'kudutsa mumtima kukatseka mitsempha ya m'mapapo.

Mankhwala oletsa magazi kuundana anabwera pambuyo. Heparin anayamba kuperekedwa kwa odwala m'ma 1930 ku Toronto ndi ku Stockholm. Warfarin anatulukira pa kafukufuku wa Karl Link ku Wisconsin wokhudza ng'ombe zomwe zinkafa ndi kukha magazi zikadya udzu woola. Anayamba ngati mankhwala a makoswe mu 1948, ndipo mu 1954 analoledwa kuperekedwa kwa anthu.

Mabuku amatamanda anthu amenewa, ndipo n'koyenera. Koma kwa ine, amene anapereka nzeru yoti munthu wamba n'kudziteteza nayo ndi Keith Simpson, dokotala wopima mitembo wa ku Guy's Hospital ku London. Mu September 1940 ndege za Germany zinayamba kuphulitsa mzindawo usiku uliwonse. Anthu ankathawira kumalo obisalako mabomba, ena kumasiteshoni a sitima zapansi panthaka, n'kuchezera komweko. Malo ogona kunalibe, choncho okalamba ambiri ankapita ndi mipando yawo yansalu yopinda ija, ya ndakhuta ndalema. Munthu ankakhala pamenepo usiku wonse, maondo ali chipindire, thabwa la kutsogolo kwa mpando likukanikiza kunsi kwa ntchafu. Kukacha ankadzuka, kuyenda pang'ono, kubanika, n'kugwa. Bomba silinamukhudze.

Simpson anawerenga mitembo ya otere n'kupeza kuti imfa zobwera chifukwa cha magazi otseka mapapo zachuluka kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi chaka cha 1939. Analemba zimenezi m'magazini ya madokotala ya Lancet chaka chomwecho, ndipo sanapemphe mankhwala. Anapempha mabedi, kuti anthu azigona chowongoka. Mabedi osanjikiza ataikidwa, imfazo zinatsika. Apa mpamene pandigwira mtima. Virchow anafotokoza njira imene imfa imadzera, koma Simpson anaonetsa kuti munthu wosadwala, wosachitidwa opaleshoni, angafe chifukwa chongokhala malo amodzi, komanso kuti kuwongola miyendo n'kokwanira kupulumutsa ambiri. Nyama ya katumba ndiyo imakankhira magazi kumtima munthu akamayenda. Ikangokhala, magazi amadekha ngati madzi a m'chithaphwi.

Dziko linachedwa kumva. Mu 1954 John Homans wa ku Boston anachenjeza za maulendo aatali a pandege ndi pagalimoto, koma nkhaniyo inangothera m'mabuku a madokotala. Ku America inafika m'makutu a anthu mtolankhani wa NBC, David Bloom, atamwalira ku Iraq mu 2003 atakhala masiku ambiri mopanikizika m'galimoto yankhondo. Tsiku lokumbutsa dziko lonse za vutoli linayamba mu 2014, ndipo anasankha 13 October, tsiku lobadwa la Virchow. Ndikanakonda dzina la Simpson likanamatchulidwanso patsikulo.

Mpando wa ku London uja ife tili nawo m'basi ya ku Joni. Munthu amakwera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, usana ndi usiku, chikwama chili kumapazi, mwana ali pamiyendo, madzi osamwa poopa kuvutika ndi chimbudzi panjira. Basi ikaima, tsikani muyendeko. Ikamayenda, gwedezani mapazi, ndipo madzi imwani ndithu.

Ena amene ali pachiopsezo ndi amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, makamaka m'masabata 6 oyambirira, komanso obereka kudzera pa opaleshoni. Namwino akamaumiriza mayi kudzuka bala lisanapole si nkhanza. Ngakhale m'chikuta, apongozi ndi anamkungwi amulole mayi aziyendayenda m'nyumbamo. Odwala khansa, TB kapena HIV, othyoka mwendo, ogona nthawi yaitali m'chipatala ndi amayi akumwa mapilitsi olera okhala ndi estrogen nawonso magazi awo sachedwa kuundana.

Chondidetsa nkhawa n'choti mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka pakatumba, ambiri timathamangira kuthowa, kusisita kapena kutema mphini poganiza kuti munthu waponda mankhwala. Masiku amene timataya pamenepo ndi omwe chidutswa chija chimathothokera. Mwendo wotere ngwakuchipatala tsiku lomwelo, ndipo adokotala auzidwe za ulendo, uchembere kapena opaleshoni imene yachitika posachedwa. Wodwalayo akayamba kupuma mobanika, kumva kubaya m'chifuwa kapena kutsokomola magazi, musadikire kuti kuche.