Dzira la Chokoleti ndi Dinari ya Abdul Malik: Mbiri ya Mikangano ya Mawu a Chipembedzo pa Malonda

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Chaka ndi chaka, nyengo ya Pasaka ikamayandikira ku Britain, pamabuka mkangano wokhudza mazira a chokoleti. Ena amadandaula kuti dzina la chikondwererocho, Easter, lachepetsedwa kapena kufufutidwa pa mabokosi, ena amafalitsa kuti mazirawo asandutsidwa a halaal. Madandaulo onsewa mapeto ake amaloza chala Asilamu, kuti makampani akuchita zimenezi powaopa kapena powasangalatsa. Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa abale athu ambiri akukhala ku Britain ndi ku South Africa, ndipo ana awo amalandira mazira amenewa kusukulu ndi kwa oyandikana nawo nyumba. Tiyeni tiione mbiri yake, kenako tione zomwe Fiqh ikutiphunzitsa.

Zomwe zidachitika mu 2017

Kumayambiriro kwa Epulo 2017, kampani ya Cadbury ndi bungwe la National Trust, lomwe limasamala nyumba ndi malo akale a ku England, adalengeza masewera a ana osakasaka mazira, koma m'dzina la masewerawo mudalibe mawu oti Easter. Bishopu wamkulu wa ku York, John Sentamu, adayerekeza zimenezi ndi kulavulira manda a John Cadbury, yemwe adayambitsa kampaniyo. Nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Theresa May, ili pa ulendo wa ku Jordan ndi Saudi Arabia, idatinso zomwe zidachitikazo zidali zopanda nzeru. Cadbury ndi National Trust adayankha kuti mawuwo adalipo ndithu pa zolengeza zawo zina. Kenako mmodzi mwa zidzukulu za John Cadbury adakumbutsa anthu mfundo yomwe odandaulawo adaiiwala: gogo wawoyo adali wa mpingo wa Quaker, ndipo a mpingo umenewu sankachita chikondwerero cha Pasaka.

M'mwezi womwewo ku Australia, wandale Pauline Hanson adauza anthu kuti asagule mazira a Cadbury chifukwa ali ndi chiphaso cha halaal. Ku Britain kampaniyo idakhala ikufotokoza kuti chokoleti chake cha m'dzikomo chilibe chiphaso chotere ndipo kapangidwe kake sikadasinthe. Mu Disembala 2018 phokoso lomweli lidagwera Toblerone, zitadziwika kuti fakitale yake ya ku Bern idalandira chiphaso cha halaal, ngakhale kuti zosakaniza zake zidali zomwe zija. Ku South Africa, mu 2012, Akhristu ena adadandaula ataona chizindikiro cha halaal pa mabanzi a mtanda a nyengo ya Pasaka m'masitolo a Woolworths.

Komwe dzira la chokoleti lidachokera

Kale Akhristu a ku Ulaya sankadya mazira m'nyengo ya Lenti, ndiye tsiku la Pasaka likafika mazira owunjikanawo ankawaphika, kuwapaka mitundu ndi kupatsana. Matchalitchi a Orthodox mpaka lero amawapaka ofiira. Dzira la chokoleti lidabwera mochedwa kwambiri: kampani ya J. S. Fry & Sons ya ku Bristol idapanga loyamba la ku Britain mu 1873, ndipo Cadbury idatsatira mu 1875.

Mabanja atatu omwe adatchuka ndi chokoleti ku England, a Fry, a Cadbury ndi a Rowntree a ku York, onse adali a Quaker. Mpingo umenewu udayamba cha m'ma 1650 ndi George Fox, ndipo unkaphunzitsa kuti masiku onse ndi a Mulungu, palibe lopatulika kuposa linzake. Popeza malamulo ankawatsekera zitseko za Oxford, Cambridge ndi maudindo a boma, ambiri adalowa malonda. John Cadbury adatsegula sitolo yake pa Bull Street mumzinda wa Birmingham mu 1824, akugulitsa tiyi, khofi ndi koko ngati zakumwa zolowa m'malo mwa mowa, womwe ankadana nawo. Ana ake adasamutsira fakitale ku Bournville mu 1879, ndipo m'mudzi womwe adamangira antchito sadalole malo omwera mowa.

Choncho dzira la chokoleti silidabadwire m'tchalitchi. Ku Britain lidabadwira m'fakitale ya anthu omwe sankachita Pasaka, koma ankadziwa kuti makasitomala awo amachita. Lero kampaniyo si ya banjalo: idagulidwa ndi Kraft ya ku America mu 2010, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa Mondelez. Wamalonda amalemba pa bokosi mawu omwe akuona kuti agulitsa katundu, ndipo amawachepetsa akaona kuti katunduyo angayende kwa anthu ambiri kapena kwa masabata ambiri.

Mapepala a gumbwa ndi dinari

Mkangano wa mawu a chipembedzo pa katundu ndi wakale kwambiri, ndipo ife Asilamu tili nawo m'mbiri yathu. M'nthawi ya Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, anthu a ku Makka ndi Madina ankagula ndi kugulitsa ndi madinari a Aroma okhala ndi mtanda, ndi madirihamu a Aperezi okhala ndi chithunzi cha guwa la moto. Mahari ankaperekedwa ndi ndalama zimenezi, Zakaat inkawerengedwa ndi ndalama zomwezi.

Zinthu zidasintha pansi pa Khalifa Abdul Malik bin Marwan, yemwe adalamulira kuyambira 685 mpaka 705. Al-Baladhuri, m'buku lake Futuh al-Buldan, akusimba kuti mapepala a gumbwa opangidwa ku Egypt ankagulitsidwa kwa Aroma atalembedwa pamwamba mawu a Chikhristu, pomwe golide wa Aroma ankabwera kwa Asilamu. Abdul Malik adalamula kuti pamapepalapo pazilembedwa mawu a Tawheed. Mfumu ya Aroma idakwiya, nkuopseza kuti ilemba zonyoza Mtumiki pa madinari ake. Yankho la Khalifa lidali kusula ndalama zakezake, ndipo mu 77 Hijri, chomwe ndi 696 kapena 697, kudatuluka dinari yopanda chithunzi chilichonse, yokhala ndi malemba okhaokha. Odziwa mbiri amatchulanso zifukwa zina, monga nkhondo ndi Aroma ndi kufuna kulunzanitsa kayendetsedwe ka boma, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti olamulira a mbali zonse ziwiri ankaona mawu a pa katundu ngati mbendera.

Dinari imeneyi idadalirika pa malonda mpaka ena adayamba kuitengera. Offa, mfumu ya Chikhristu ya Mercia ku England kuyambira 757 mpaka 796, adasulitsa ndalama ya golide motengera dinari ya Khalifa Al-Mansur ya 157 Hijri. Pandalamapo pali Shahaada m'Chiarabu, ndipo pakati pali dzina la Offa m'Chilatini, litazondoka poyerekeza ndi Chiarabucho, zomwe zikusonyeza kuti wosulayo sankawerenga zomwe ankakopera. Ndalamayi ikusungidwa ku British Museum. Mzinda wa Birmingham, kwawo kwa Cadbury, uli m'dera lomwelo la Mercia. Offa sadalowe Chisilamu. Ankafuna ndalama yomwe amalonda akanailandira.

Zidachitikanso chimodzimodzi ku Sham. Ankhondo a mtanda omwe adakhazikika kumeneko ankasula ndalama zotengera za Asilamu, zokhala ndi dzina la Mtumiki ndi chaka cha Hijri. Mu 1250 nthumwi ya Papa idadandaula, Papa Innocent IV adaletsa, ndipo mu 1251 ku Acre adayamba kusula ndalama zolembedwabe m'Chiarabu koma ndi mawu a Chikhristu ndi mtanda. Atsogoleri a chipembedzo adapambana pa mawu, amalonda adasunga Chiarabu chomwe msika unkachifuna.

Fatwa ya ku Tlemcen

Funso lofanana kwambiri ndi lathu lidafika kwa Ibn Marzuq Al-Hafid, mmodzi mwa ma ulama a Madh-hab ya Maliki ku Tlemcen, m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Pofika nthawi yake, mapepala ochokera ku Italy adali atadzaza misika ya kumpoto kwa Africa, ndipo ena adali ndi chizindikiro cha mtanda kapena cha nyama chomwe chinkaoneka ukaliyang'ana pepalalo padzuwa. Kodi nkololedwa kulembapo Qur'an ndi Hadith? Kodi pepala lokhudzidwa ndi manja a anthu odya nkhumba ndi kumwa mowa ndi loyera? Mu 812 Hijri, chomwe ndi 1409, adalemba fatwa yaitali yololeza, yomwe Al-Wansharisi adaisunga m'buku lake Al-Mi'yar. Adati chinthu chimakhala choyera mpaka patapezeka umboni wa najisi, kuti ma ulama am'mbuyo adagwiritsa ntchito mapepalawo osatsutsana, ndipo kuti choonadi cholembedwa pamwamba chimakwirira chizindikirocho.

Ngakhale mazira a Pasaka enieniwo si achilendo m'mabuku athu. Al-Maqrizi, yemwe adamwalira mu 1442, akufotokoza m'buku lake Al-Khitat za Lachinayi lotsogolera Pasaka, pomwe misika ya Cairo inkadzaza mazira opakidwa mitundu. Ibn Taymiyya, yemwe adamwalira mu 1328, adadzudzula Asilamu a ku Sham omwe ankapaka mazira pa tsikulo motsanzira anzawo. Komabe m'buku lomwelo, Iqtidha as-Sirat al-Mustaqim, adanena kuti kulandira mphatso ya chakudya kuchokera kwa iwo pa tsiku la chikondwerero chawo nkololedwa. Adabweretsa umboni wa Ali, Allah asangalale naye, yemwe adalandira mphatso ya tsiku la Nairuz, ndi wa mayi athu Aisha, Allah asangalale nawo, omwe adaloleza kudya zipatso zoperekedwa pa masiku otere ndi kuletsa nyama yozingidwa chifukwa cha tsikulo.

Zomwe tikuphunzirapo

Choyamba, lamulo la chakudya limatsatira zomwe zili m'kati mwake. Ma ulama a Madh-hab ya Shafi'i, monga As-Suyuti m'buku lake Al-Ashbah wan-Nadhair, adakhazikitsa kuti chiyambi cha zinthu ndi kuloledwa mpaka umboni woletsa utabwera. Dzina la Pasaka pa bokosi silisandutsa koko, shuga ndi mkaka kukhala haraam, ndipo kufufuta dzinalo sikuyeretsa chokoleti chomwe muli mowa kapena jelatini wa nkhumba. Wophunzira azizolowera kuwerenga mndandanda wa zosakaniza kumbuyo kwa paketi. Chiphaso cha halaal ndi umboni wa anthu omwe adayendera fakitale. Si dua yowerengedwa pa chakudya, ndipo sichisintha chakudyacho kwa Mkhristu yemwe akudya.

Chachiwiri, kudya ndi kuchita nawo mwambo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wa Chisilamu akapatsidwa dzira ndi mnzake, athokoze ndipo adye ngati zosakaniza zili bwino. Koma Msilamu sakonza mwambo wa Pasaka pakhomo pake, popeza tsikulo limakumbutsa za kupachikidwa ndi kuuka kwa Isa, Alaihi Salaam, pomwe Surat An-Nisaa, ndime 157, ikutiphunzitsa kuti sadaphedwe ndipo sadapachikidwe. Imam Al-Bukhari adalandiranso kuchokera kwa mayi Aisha kuti Mtumiki sankasiya m'nyumba mwake chinthu chokhala ndi mitanda osachichotsa. Pa za kugulitsa, ma ulama ambiri akale, kuphatikizapo Ibn Taymiyya, adaletsa kugulitsa zinthu zomwe ntchito yake ndi mwambo weniweniwo. Msilamu wa sitolo ku Johannesburg kapena ku Leicester afunse sheikh wodziwa za malowo ngati katundu wake ali m'gulu limeneli kapena ndi switi wamba wa nyengo.

Chachitatu, Surat Al-Hujurat, ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani tisadaweruze anthu. Timamva kuwawa akatinamizira kuti ndife tidafufutitsa dzina la Pasaka, koma lamuloli likutigwira ifenso. Mu Meyi 2014 ku Malaysia kudalengezedwa kuti m'mitundu iwiri ya chokoleti cha Cadbury mwapezeka zizindikiro za nkhumba, ndipo uthengawo udafalikira m'maiko ambiri. Kumayambiriro kwa Juni, bungwe la boma loona za Chisilamu, JAKIM, litapimanso, lidalengeza kuti silidapeze kanthu. Uthenga wachiwiriwu sudayende mofulumira ngati woyamba. Surat An-Nahl, ndime 116, ikuchenjeza za kutcha chinthu halaal kapena haraam mopeka, ndipo wotumiza uthenga pa WhatsApp asadaufufuze ali pafupi ndi chenjezo limeneli.

Chachinayi, tichite chilungamo kwa Akhristu odandaula. Ambiri mwa iwo sakulimbana ndi Chisilamu. Akumva kuwawa poona tsiku lawo lalikulu likusanduka nyengo ya malonda. Ena adachitapo kanthu mwanzeru: mu 2010 kampani ya Meaningful Chocolate Company idayamba kugulitsa dzira lokhala ndi nkhani ya Pasaka m'bokosi mwake, m'malo modikira kuti makampani akuluakulu awalalikire chipembedzo. Ifenso zikutipeza, pakuti masitolo a ku Britain ayamba kugulitsa chokoleti cha Ramadhan ndi Eid m'mabokosi okhala ndi mwezi ndi nyali. Tsiku lomwe malonda adzatsike, mwezi ndi nyalizo zidzachotsedwa.

Ndipo pali chifukwa china choti tisaumirire mawu opatulika pa zokutira. Pepala la chokoleti limathera pansi, m'ngalande ndi kudzala. Ma ulama athu adaletsa kuika dzina la Allah kapena ndime ya Qur'an pamalo pomwe zinganyozeke, ndipo ena akale sadakondwe ngakhale ndi ndime za pa dinari ya Abdul Malik, poti inkagwidwa ndi aliyense. Wamalonda wa Chisilamu yemwe akufuna kulemba Bismillah pa thumba la mabisiketi aganizire kaye komwe thumbalo likathere. Tanthauzo la Ramadhan ndi Eid ana athu aliphunzire kunyumba, kumadrassa ndi kumzikiti, kumene kuli anthu omwe adzafunsidwe za iwo pa Tsiku la Chiweruzo.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.