Zomwe malamulo akunena mauthenga achinsinsi a timu ya mpira akaululika

Matimu a mpira wamiyendo a mumzinda wa Blantyre, monga Nyasa Big Bullets ndi Mighty Wanderers, komanso bungwe loyendetsa masewerowa la FAM, lomwe likulu lake lili ku Chiwembe m'dera la Limbe, amasunga zinthu zambiri zokhudza anthu. Zina mwa izo ndi mapangano a ntchito a osewera, malipiro awo, zotsatira za kuchipatala, ziphaso zawo ndi mbiri ya ana omwe akusulidwa m'matimu achisodzera.

Masiku ano nkhani zoterezi zimakambidwa kwambiri pa lamya za m'manja, makamaka pa WhatsApp ndi pa imelo, moti munthu mmodzi akhoza kuzimwaza dziko lonse m'kanthawi kochepa. Zikatero, ambiri amathamangira kufunsa kuti waulula ndani. Koma malinga ndi malamulo a dziko lino, funso limapitanso kwa yemwe adapatsidwa udindo wosunga zinthuzo.

Malamulo oyendetsera dziko

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino a mchaka cha 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi chinsinsi. Gawoli limaletsa kusokoneza kapena kumvetsera mobisa zomwe anthu akukambirana paokha, kaya ndi m'makalata kapena pa lamya. Wosewera mpira sataya ufuluwu kaamba koti ndi wotchuka, ndipo mkulu wa timu sautaya kaamba koti akuyendetsa timu yomwe ili ndi otsatira ambiri.

Lamulo la 2016

Mchaka cha 2016, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lamuloli lidakhazikitsa kuti kulowa mu kompyuta kapena mu lamya ya munthu popanda chilolezo, kutenga mauthenga ake ali panjira, kapena kusokoneza zomwe wasunga, ndi mlandu womwe chilango chake ndi chindapusa kapena ndende. Lidakhazikitsanso nthambi ya Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA, yomwe ntchito yake ndi kuthandiza pamene makina a kompyuta athyoledwa.

Lamulo la 2024

Lamulo la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito pa 3 Juni 2024, ndipo lidapatsa bungwe la MACRA mphamvu zoona kuti likutsatidwa. Lamuloli limakhudza bungwe, kampani kapena ofesi ya boma yomwe imatolera ndi kusunga mbiri ya anthu. Chomwecho timu ya mpira nayo ili momwemo.

Mwa zina, lamuloli likuti mbiri ya munthu itoleredwe pa chifukwa chodziwika ndi chovomerezeka, isapyole pa zomwe zikufunika, ikhale yolondola, isasungidwe nthawi yaitali popanda chifukwa, ndiponso itetezedwe kuti isagwe m'manja olakwika. Nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera. Izi n'zofunika kwambiri pa mpira, chifukwa kuululika kwa vuto la bondo kapena matenda a wosewera kungathe kumulepheretsa kugulidwa ndi timu ina. Pa ana osakwana zaka 18, chilolezo chimachokera kwa makolo kapena owayang'anira.

Mbiri ya anthu ikabedwa kapena kuululika, wosunga ayenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72 kuchokera pomwe wadziwira. Ngati kuululikako kungaike eni ake pachiopsezo chachikulu, nawonso ayenera kuuzidwa. Munthu ali ndi ufulu wofunsa zomwe bungwe likusunga zokhudza iye, kupempha kuti zolakwika zikonzedwe, komanso kukadandaula ku MACRA.

Zomwe zidachitika ku Ulaya

Nkhani yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi ya Football Leaks. Mchaka cha 2015, mzika ya dziko la Portugal, Rui Pinto, idayamba kutulutsa makalata achinsinsi a matimu ndi a anthu ogulitsa osewera. Mu Novembala 2018, magazini ya ku Germany ya Der Spiegel idasindikiza maimelo a akuluakulu a timu ya Manchester City okhudza ndalama za makampani othandiza timuyo.

Potsatira izi, mu Febuluwale 2020 bungwe la UEFA lidaletsa timuyo kusewera m'mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka ziwiri ndi kuilipiritsa ma euro 30 miliyoni. Mu Julayi chaka chomwecho, bwalo loweruza milandu ya zamasewero la CAS ku Lausanne lidachotsa chiletsocho ndi kutsitsa chindapusa kufika pa ma euro 10 miliyoni. Komabe bwalolo lidavomera kuti maimelowo agwiritsidwe ntchito ngati umboni.

Pinto naye sadapulumuke. Adamangidwa ku Budapest mu Januwale 2019, ndipo mu Sepitembala 2023 bwalo la milandu ku Lisbon lidamupeza wolakwa pa milandu ina, kuphatikizapo yolowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Adagamulidwa zaka zinayi, koma chilangocho chidaimikidwa. Izi zikuonetsa kuti uthenga wobedwa ungathe kuthandiza kufufuza mlandu, koma wakubayo amayankhabe mlandu wake.

Atolankhani ndi ufulu wodziwa

Gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa atolankhani, pomwe gawo 37 limapereka ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga. Lamulo la Access to Information Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, lidaika njira yofunsira nkhanizo, koma limatetezanso mbiri yachinsinsi ya munthu wina. Pali kusiyana pakati pa uthenga woonetsa katangale kapena kugulitsa masewero, womwe anthu ali ndi chifukwa choudziwira, ndi uthenga wonena za matenda kapena banja la wosewera, womwe umangomuchotsera ulemu.

Phunziro kwa ogwira ntchito m'boma

Vutoli silili pa mpira pokha. Mu Januwale 2022, mawu ojambulidwa mobisa a yemwe panthawiyo adali mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, Mayi Martha Chizuma, adafalikira pa lamya za anthu, ndipo nkhaniyo idafika mpaka kupolisi ndi kumakhoti.

Maofesi a boma amasunga mbiri ya anthu ochuluka kuposa timu iliyonse. N'chifukwa chake ndi bwino kuti makalata a ntchito azidutsa m'njira zovomerezeka za ofesi, mayina a anthu omwe ali m'magulu a WhatsApp a kuntchito aziunikidwa kawirikawiri, ndipo wosamutsidwa kapena wopuma pantchito azichotsedwamo msanga. Lamya ndi kompyuta za ntchito zikhale ndi nambala yachinsinsi, ndipo imodzi ikasowa, akuluakulu adziwitsidwe tsiku lomwelo poganizira malire a maola 72 aja.

Wolandira uthenga woululika asathamangire kuutumiza kwa ena. Ngati uli ndi umboni wa mlandu, malo ake ndi kupolisi kapena ku ACB.