Mliri ukatseka sitolo: zimene lamulo likunena pa lendi, anchito ndi inshuwalansi

Pa 18 Marichi 2020 boma linalengeza za odwala oyamba a COVID-19 m'Zambia. Patapita sabata, pa 25 Marichi, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti malo omwera mowa atsekedwe, malo odyera azingogulitsa cakudya cokadyera kunyumba, ndiponso misonkhano isapitirire anthu 50. Malamulo a mliriwo, SI 21 ndi SI 22 a 2020, anatuluka pansi pa lamulo la zaumoyo, Cap. 295. Lamulo limeneli likadalipo. Mu Januwale 2024 kolera inacedwetsa kutsegulira masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo ogulitsa mayunifomu ndi makope pa boma la Lundazi akudziwa kuti masabata amenewo anawadyera zingati. Nkhaniyi ikufotokoza zimene munthu wamalonda, mwini nyumba, kapena komiti ya mpingo imene ili ndi nyumba za lendi ayenera kudziwa.

Lendi

Malamulo a 2020 aja anali a zaumoyo cabe. Sanafafanize lendi ya munthu aliyense. Wocita lendi amene sitolo yake inatsekedwa anakhalabe ndi ngongole mwezi uliwonse, pokhapokha pangano lake litanena zina. Mapangano ena olembedwa ndi maloya amakhala ndi ndime yochedwa force majeure, yonena zocita pakagwa tsoka limene munthu sangaliletse. Ndimeyi imagwira nchito monga momwe inalembedwera basi. Ngati inachula moto, kusefukira kwa madzi ndi nkhondo, koma osachula mliri kapena lamulo la boma lotseka malonda, kuidalira n'kovuta. Ndipo kunena zoona, masitolo ambiri a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu alibe n'komwe pepala. Anthu anangogwirizana pakamwa.

Koma mwini nyumba nayenso sangacite zofuna zake. Pa nyumba zogona, Rent Act, Cap. 206, imafuna kuti khoti ndilo lilamule munthu kutuluka, ndipo kulanda katundu wa wocita lendi cifukwa ca ngongole kumafuna cilolezo ca khoti. Kuzula citseko, kukhoma loko wina kapena kutulutsa mipando panja kungasandutse mwini nyumba kukhala woimbidwa mlandu, ngakhale ngongoleyo ndi yoona. Pa nyumba zamalonda pali lamulo lina, Cap. 193. Limeneli likuti mwini nyumba wofuna kuthetsa lendi apereke cidziwitso colembedwa ca miyezi yosacepera 6 komanso yosapitirira 12, ndipo wocita lendi angapemphe khoti kuti limupatse pangano latsopano. Wamalonda asanyadire msanga: kucedwacedwa kulipira ndi cimodzi mwa zifukwa zimene lamulo lomwelo limalola mwini nyumba kukanira.

Conco mwini nyumba akavomera kucepetsa lendi kapena kudikira mpaka soya ndi nshawa zitagulitsidwa, zilembedwe: ndalama zingati, miyezi iti, ndipo kodi zotsalazo zakhululukidwa kapena zangoimikidwa. Mikangano yambiri imabukira pa funso lotsirizali. Abale opemphera pamodzi amacita manyazi kusainirana, koma mwini nyumba akamwalira, ana ake sadzadziwa zimene munalankhulana pansi pa mtengo wa mango.

Ndalama za cikole

Pangano limene silingathekenso kukwaniritsidwa popanda wolakwa lili ndi lamulo lake, Cap. 73. Tinene kuti banja linalipiriratu holo ya ukwati wa anthu 300, kenaka boma n'kuletsa misonkhano yotere. Khoti likapeza kuti panganolo lafadi, ndalama zolipidwa zimabwezedwa, koma mwini holo angaloledwe kucotsapo zimene anali ataononga kale pokonzekera. Kucepa kwa makasitomala kapena kukwera kwa mitengo yokaoda katundu ku Chipata sikupha pangano.

Anchito

Employment Code Act ya 2019, ndime 48, ikuti wanchito wotumizidwa ku chuti cokakamiza alandirebe malipiro ake oyambira. Mu 2020 boma linatulutsa SI 48 yopeputsirako mabwana amene ofesi ya zanchito inawapeza kuti ndalama zawatheradi. Bwana sankadzipatsa yekha mpumulo umenewu.

Inshuwalansi

Apa ndi pamene ambiri anakhumudwa. Inshuwalansi wamba ya sitolo imalipira katundu akapsa kapena akabedwa. Ngakhale imene imalipira phindu lotayika malonda akaima, kawirikawiri imafuna kuti nyumba kapena katundu zikhale zitaonongeka. Kacilombo sikagwetsa khoma.

Amene anapambana milandu kunja anapambana cifukwa ca mawu a m'mapepala awo. Ku South Africa, malo odyera a Café Chameleon ku Cape Town anali ndi ndime yonena za matenda oyenera kudziwitsidwa ku boma atabuka mkati mwa makilomita 50. Kampani ya Guardrisk inakana kulipira ponena kuti cimene cinatseka malowo ndi lamulo la boma, osati matenda. Mu Disembala 2020 khoti la apilo la dzikolo linati ziwirizi sizingalekanitsidwe, ndipo kampaniyo ilipire. Pa 15 Januwale 2021 khoti lalikulu la ku Britain linagamula mokomera amalonda ambiri pa mlandu wofanana nawo. Zigamulozi sizimanga makhoti a m'Zambia, ngakhale oweruza athu angaziwerenge poganizira mlandu. Ndipo zitacitika izi makampani ambiri a inshuwalansi anayamba kulemba poyera kuti mliri salipira.

Pogula inshuwalansi, pemphani wogulitsayo akuonetseni tsamba la zinthu zimene salipira, ndi masiku amene muli nawo odziwitsa kampani vuto likagwa. Sungani mabuku a zogulitsa, pakuti phindu lotayika limawerengedwa kucokera m'menemo. Kampani ikakana kulipira, ikupatseni zifukwa zake m'kalata. Kalatayo mungapite nayo ku Pensions and Insurance Authority, bungwe loyang'anira makampaniwa pansi pa Insurance Act ya 2021. Amene sangathe kulipira loya angafunse ku Legal Aid Board ku Chipata, atanyamula pangano, malisiti a lendi ndi mauthenga onse a pafoni amene analemberana ndi mnzawoyo.