Mfuti ya m'manja ya .22

Mfuti ya m'manja ya .22 ndi mfuti yaing'ono, ya mtundu wa pistol kapena revolver, imene anthu ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito pa masewero owombera chandamale. Nambala ya .22 ikutanthauza kukula kwa chipolopolo chake, komwe ndi pafupifupi mamilimita 5.6. Chipolopolo chodziwika kwambiri pa mtunduwu ndi .22 Long Rifle, chomwe kampani ya J. Stevens Arms & Tool ya ku America inatulutsa m'chaka cha 1887.

Chifukwa chake amaikonda

Chipolopolochi chimakhala ndi onga wochepa, ndipo mtovu wake umalemera pafupifupi magalamu 2.6 okha. Chotero mfuti ikalira sikankha dzanja mwamphamvu. Izi n'zofunika kwa wophunzira, pakuti munthu amene akuopa kukankhako amagwedeza dzanja asanakhethemule n'komwe, ndipo amaphonya. Zipolopolo zake n'zotsikanso mtengo poyerekeza ndi za 9mm, choncho munthu amatha kuyeserera kambirimbiri. Vuto lake n'lakuti zina zimakana kulira, ndiponso zimadetsa mfuti msanga.

Kusankha kwake

Revolver imasunga zipolopolo m'chigubu chozungulira, ndipo chimodzi chikakana, wowombera amangopita pa chotsatira. Pistol imadzilowetsera yokha chipolopolo china ikangolira, koma ina imasankha: imayenda bwino ndi zipolopolo za kampani ina n'kumakakamira ndi za ina. Zodziwika bwino ndi Ruger Standard ya 1949, imene inabala mitundu ya Mark, komanso Smith & Wesson Model 41 ndi Browning Buck Mark. Akatswiri a mipikisano amakonda za Pardini ndi Walther.

Dzina la kampani silithandiza ngati chogwirira sichikukwana m'dzanja. Mfuti yolemererako, ya mpope wautali, imakhazikika bwino kusiyana ndi kamfuti ka m'thumba, ngakhale kuti kameneka ndi komwe kamakopa maso m'sitolo. Wofuna mpikisano amayang'ananso malamulo a bungwe la ISSF, omwe salola mfuti yopitirira magalamu 1,400 pa mpikisano wa mamita 25. Ku Olympics, amayi amapikisana pa 25m pistol ndipo abambo pa 25m rapid fire pistol, onse ndi zipolopolo za .22.

Malamulo ku Malawi

Kuchepa kwa chipolopolochi kumanamiza anthu. Chimapha, ndipo chitha kuuluka kupitirira kilomita imodzi. N'chifukwa chake malo owomberera amakhala ndi chimulu cha dothi kuseri kwa chandamale, ndipo owombera amatchinga makutu ndi maso.

Ku Malawi, lamulo la Firearms Act la 1967 limanena kuti wofuna kukhala ndi mfutiyi ayenera kupempha chilolezo kudzera kupolisi. Chilolezo cha dziko lina sichikwanira kuti munthu alowe nayo m'dziko muno, kaya pa chipata cha Mchinji kuchokera ku Chipata, kaya pa bwalo la ndege. Mayiko a SADC anasainirana pangano loletsa kufala kwa mfuti mumzinda wa Blantyre pa 14 August 2001. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 lili ndi ziphaso zapadera za anthu owombera ngati masewero.