Sukulu ya pakhomo ku America: mbiri imene imanenedwa theka

Mu 2026 America ikukwanitsa zaka 250 chilengezereni ufulu wake, ndipo makolo ambiri ophunzitsa ana pakhomo kumeneko amati akungobwerera ku njira ya makolo akale. Ine ndikuona kuti mawuwa ndi oona mbali imodzi yokha.

Mu 1642 boma la Massachusetts linalamula makolo kuonetsetsa kuti ana awo akudziwa kuwerenga. Mwana ankayambira pa kathabwa kokhala ndi chogwirira, komatidwa pepala la zilembo ndi Pemphero la Ambuye, lokutidwa ndi nyanga yopyapyala kuti lisang'ambike. Koma pofika 1647, mudzi wa mabanja 50 unkayenera kulemba mphunzitsi ntchito. Ndipo ku South Carolina lamulo la 1740 linaletsa kuphunzitsa akapolo kulemba. Ana a akapolowo satchulidwa anthu akamayamikira zakale.

Lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu linayambira ku Massachusetts mu 1852, n'kufika ku Mississippi mu 1918. Kuphunzira pakhomo kunadzukanso m'ma 1970, ndipo pofika 1993 kunali kololedwa m'zigawo zonse 50.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 2020, mliri utatseketsa sukulu. Kafukufuku wa boma anapeza kuti mabanja ophunzitsa ana pakhomo anakwera kuchoka pa 5.4 kufika pa 11.1 peresenti m'miyezi yochepa chabe. Mayi amene sanagwirepo choko anapezeka ali mphunzitsi pathebulo lodyera, laputopu yakuntchito ili pambali. Ambiri anathamangira kugula mabuku okonzeratu, mbiri yonse ya dziko ili m'buku limodzi. Apa m'pamene zinapotokera, chifukwa cha phuma ndi malonda. Buku limodzi limasankha woti alankhule. Mwachitsanzo, nthano yakuti George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, ali mwana anavomera kuti wadula mtengo wa atate ake inatulukira m'buku la Mason Weems mu 1806, yopanda umboni, koma ana akuimvabe mpaka lero.

Zowerenga zina zilipo, ndipo n'zosavuta kupeza. Mwana awerenge chikalata cha ufulu cha 1776, kenako kalata imene Abigail Adams analembera mwamuna wake, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufuluwo, chaka chomwecho, yopempha kuti malamulo atsopano asaiwale amayi. Awerengenso ndakatulo za Phillis Wheatley, mtsikana wogwidwa ku Africa, zosindikizidwa ku London mu 1773 iye akadali kapolo. Akafunsa chifukwa chake anthuwa sakunena zofanana, kholo lisamutseke pakamwa. Limupatse buku lina.